Mwana Wagoletsa, Eni Ake Achuluka

"Khadi lake lili ndi ine ndipo sindipereka. Wofuna akandisumire kwa amfumu."

Anali akochi amenewo, ataima pakati pa msewu wa malole ndi mtengo wa mango, dzanja lili pathumba la malaya. Linali Lolemba. Pa Nsadzo Lolemba ndi tsiku lomalizira mpira wa Lamulungu: chigoli chimene oyimbira anakana dzulo chimagoletsedwanso pakamwa, ndipo kawirikawiri chimalowa. Ine ndinali pa benchi la mnyamata wotchaja mafoni kudikira batire langa, choncho makutu analibe ntchito ina.

Nkhani yake ndi iyi. Pali mnyamata wa zaka 17, ali kalasi 10, wa mwendo wamanzere woti goloboyi akauona ukukwezedwa amayamba kudandaulira zala zake. Dzina ndilisunga, akadali mwana. Pa bonanza ya nyengo yogulitsa fodya, pamene ndalama zimayenda ndipo matimu a m'midzi amalimbirana mbuzi ndi jezi, panafika bambo wina wochokera mumzinda wa Tete. Anaonerera atapinda manja, osakuwa ngakhale kamodzi, pochoka n'kusiya nambala ya foni. Akuti timu ina ya mu ligi ya chigawo ikumufuna mwanayo, idzamupatsa pogona ndi chakudya, ndipo akachita bwino njira ya ku Chingale kapena ku Songo ndi yotsegula. Kuno ukatchula Songo anthu amakhala tsonga. União Desportiva do Songo inatenga Moçambola, ligi ya dziko lino, mu 2017, mu 2018 ndi mu 2022, ndipo ndi ya m'chigawo chathu chomwe chino, kufupi ndi damu la Cahora Bassa. Ngakhale a ku Malawi njirayo amaidziwa: John Banda anapita ndi Flames ku AFCON ya ku Cameroon ali wosewera wa ku Songo.

Akochi si munthu woipa, ndinene msanga. Ali ndi kagolosale, ndipo phindu la shuga ndi sopo limathera ku timu. Mwanayu anamutola ali ndi zaka 12 akumenya chikulunga kuseri kwa chigayo. Anamugulira nsapato za mpira pa kaunjika, phazi litakula anagulanso zina. Atabinya mwendo anamukweza pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala. Tsono akuti a ku Tete asanamutenge apereke mipira iwiri, jezi za timu yonse ndi kenakake ka m'manja. Apo ayi khadi silituluka, ndipo mwanayo aziona mpira ali pa benchi, monga anachitira dzulo lake. Khadi lakelo ndi kakatoni kokhala ndi chithunzi, kodindidwa ndi komiti ya mpikisano wa m'dera lathu.

Amalume a mnyamatayo anali chonjuta kwa wokonza njinga, kuyang'anira chubu chawo chikumatidwa. Sanatembenuke n'komwe.

"Akochi, mwanayu munabereka ndinu?"

"Sindinabereke, bambo, koma ndinalera."

"Kulera kwake kuti? Nsima amadya kwa mlongo wanga. Malungo akamugwira ogona maso ndife. Inu mumamulera Lamulungu lokha, kuyambira 3 koloko mpaka dzuwa kulowa."

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe," anatero akochi, n'kuima pomwepo.

"Malizitsanitu mwambiwo," anawadula mayi wa zitumbuwa akutembenuza mafuta. "Ukachenjera manja udya naye. Mbali yakudyayo ndi imene mwadzera."

Anthu anafa nacho chiseko, koma mlimi wina wa fodya amene anakhala pa thumba la feteleza sanaseke. Iye anati akuwamva akochi. Kampani ikamupatsa mbewu ndi feteleza pa ngongole, fodya akachira sangapite naye kwa venda wa kutsidya ngakhale mtengo ukome chotani. Wothira feteleza ayambe wadula zake.

"Ndiye mwana wa mlongo wanga wasanduka belo la fodya?" anafunsa amalume, tsopano atatembenuka.

Fanizo la mlimiyo linandikhala m'mutu, chifukwa likutsutsa mwini wake yemwe. Mlimi amadinda chala ali wamkulu, amadziwa kuti ngongole yake ndi zingati, ndipo msika ukatha ngongole yatha, chaka chamawa akhoza kunena kuti sindilimanso. Mwana wa zaka 12 sanadinde paliponse. Anangolandira nsapato n'kuthamanga. Ngongole yake palibe anamuuza kukula kwake, ndipo ikukwera ndi chigoli chilichonse chimene wagoletsa. Akanakhala wophonya, akochi akanamupereka ulere ndi nsapato zomwe.

Aphunzitsi anafika nthawi yopuma, choko chili m'thalauza, kudzagula zitumbuwa ziwiri. Anawagwira asanalipire. "Aphunzitsi, tiweruzeni."

Bamboyu amawerenga za mpira kuposa mmene amawerengera za malipiro ake. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Anati malamulo a FIFA sakana kuti wolera wosewera alipidwe, koma wolipira ndi timu yogulayo, ndipo ilipira mwana atapita kale, osati kumumangirira pa chikhomo mpaka ndalama zioneke. Pali ndalama imene imaperekedwa mnyamata akasaina kontrakiti yake yoyamba kunja. Palinso ina, imene anaikonda kwambiri aphunzitsi poti ili ndi masamu.

"Zaka zowerengedwa ndi kuyambira 12 mpaka 23. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontrakiti isanathe, pa mtengo wonsewo amapatula 5 peresenti ya matimu amene anamulera. Chaka chilichonse kuyambira 12 mpaka 15 chimadya kota ya peresenti imodzi. Kuyambira 16 kupita m'tsogolo, theka. Inu akochi mwakhala naye kuyambira 12 mpaka 17. Zaka zinayi zoyambazo ndi peresenti imodzi, ziwiri zinazo peresenti ina. Zonse pamodzi 2 peresenti. Tiyerekeze tsiku lina wagulitsidwa pa madola 1 miliyoni. Anu ndi madola 20,000. M'ndalama zathu zapitirira mametikali 1 miliyoni. Akadzagulitsidwanso kwina, mudzadyanso."

Akochi anakhala pansi pa thumba la makala osaona kuti malaya akuda.

"Nanga ine?" anafunsa mayi wa zitumbuwa. "Wadya zanga pa ngongole kuyambira ali wa chikulunga. Pa 5 peresentiyo ndili mzere uti?"

Aphunzitsi anapitiriza. Kuyambira mu Novembala 2022 FIFA ili ndi ofesi ku Paris, amaitcha Clearing House, imene imatolera ndalamazi kwa ogula n'kuzitumiza kwa olera, kuti timu yaing'ono isamalondole ngongole ku Ulaya ndi maloya amene ilibe. Ofesiyo imayang'ana pasipoti ya wosewera ya pa kompyuta, mndandanda wa matimu onse amene analembetsako kuyambira ali ndi zaka 12.

"Tsono ndikufunseni akochi. Timu yanu inalembetsa ku bungwe la mpira la chigawo ku Tete? A Federação ku Maputo dzina lake amalidziwa?"

"Tili m'kope la komiti."

"Kope lija limasungidwa ndi asikiletale pansi pa matilesi?"

"Lomwelo."

"Ndiye zaka 6 zimenezo pa pasipoti pake padzakhala poyera. Timu yoyamba kumulembetsa ndi imene idzatchedwe mayi ake."

Apa ndiye panagona nkhani, mmene ndinaonera ine. Lamulo la FIFA ndi labwino, koma limalipira amene ali ndi pepala. Amene alibe pepala amagwira mwana. Mpira wa dziko lino umayambira pa mabwalo a fumbi ngati lathuli, kwa agolosale, aphunzitsi ndi akatekisi amene amagula mpira ndi ndalama ya ndiwo, koma m'mabuku moyo wa wosewera umayamba tsiku limene wafika mumzinda. Akochi si opusa pofuna mipira iwiri lero, chifukwa ndi zokhazo zimene angadzaone. Anatero okha akusasa makala kumbuyo: fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chondiwawa n'chakuti pa mkangano wa akuluakuluwu amene akulipira ndi mnyamata, ndipo akulipira ndi ma Lamulungu ake.

Dalaivala wa lole, wa ku Chipata, amene amadikira kuti tayala lake lizizire asanapitirire ku Cassacatiza, analowerera akupukuta manja ndi chisanza.

"Kwathu onani a Kafue Celtic. Katimu kakang'ono, koma mapepala ali m'malo. Patson Daka ndi Enock Mwepu onse anadutsa kumeneko. Mu 2017 anyamata athu a pansi pa zaka 20 atatenga chikho cha Africa pakhomo pomwe, awiriwa anapita ku Red Bull Salzburg. Mu 2021 Daka wapita ku Leicester, nyuzi zinati pafupifupi mapaundi 23 miliyoni, Mwepu wapita ku Brighton. Aphunzitsi, menyani 5 peresenti yanu pamenepo."

Aphunzitsi anamenya, anapeza kuti yapitirira mapaundi 1 miliyoni, wokonza njinga analiza mluzu. Koma dalaivalayo anatsitsa mawu. Anati kumbukiraninso kuti mu Okutobala 2022 madokotala anapeza vuto la mtima mwa Mwepu, n'kumuletsa mpira ali ndi zaka 24 zokha. "Moyo wa mwendo ndi waufupi, akulu anga. Mukamusunga mwana pa benchi miyezi itatu simudziwa kuti mwadula pa zingati."

Kenaka anawonjezera chimene sanayenere kunena. Anati mnyamata wa mwendo wamanzereyo akuganiza kuti anamuonapo kutsidya, ku mabwalo a cha ku Chanida, atavala jezi yofiira, anthu akumuitana dzina lina.

Akochi anadzuka pa makala paja. Zinadziwika kuti ma Lamulungu ena amene mwanayo ankati wapita kumaliro a achibale, ankawoloka kukagoletsera timu ya ku Zambia, n'kubwera ndi makwacha m'sokosi. Amalume anayamba kuyang'anitsitsa chubu chawo mwachidwi chachilendo, ndipo tonse tinadziwa amene ankamubwereka njinga.

"Kumeneko ndiye kuphwanya lamulo lalikulu," anatero aphunzitsi, akuoneka kuti akusangalala. FIFA imaletsa mwana wosakwana zaka 18 kusamuka dziko chifukwa cha mpira. Analiika lamuloli chifukwa cha anyamata, ambiri a ku Africa kuno, amene ankatengedwa ndi anthu odzitcha maejenti, makolo atagulitsa ng'ombe ndi minda, n'kukasiyidwa pa siteshoni ku Ulaya opanda timu, opanda tikiti yobwerera. Barcelona inalangidwa nalo mu 2014, Chelsea mu 2019, kuletsedwa kugula osewera. Mipata yolola ilipo yowerengeka. Wina ndi woti makolo asamuka pa zifukwa zosakhudza mpira. Wina ndi uwu: ngati kwawo kwa mwana kuli pasanathe makilomita 50 kuchokera pamalire, timu nayo ili pasanathe makilomita 50 kutsidya, ndipo mwanayo akugonabe kwawo, akhoza kusewera, bola mabungwe a mpira a mayiko awiriwo avomereze.

"Limenelo analembera ife!" anakuwa wokonza njinga.

Kunena zoona lamulolo likutikwana. Kuno malire amadutsa m'minda. Timakwatirana tsidya ndi tsidya, m'matumba mwathu metikali ndi kwacha zimagona pamodzi, ndipo mwezi wa Ogasiti tonse timakakumana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi pa Kulamba, a ku Mozambique, a ku Zambia ndi a ku Malawi, osafunsana kuti unalembetsa kuti. Mwana wa pa Nsadzo kusewera ku Chadiza ndi pafupi kuposa kupita ku Tete. Koma taganizirani kalata yochokera ku Maputo ndi ina yochokera ku Lusaka, zonse kudutsa pa kompyuta ya FIFA, chifukwa cha masewero olimbirana mbuzi.

Agogo ena amene amakhala pamenepo tsiku lililonse ndi wailesi yokulungidwa ndi mphira anachita kutsokomola kuti apatsidwe mpata. Iwowa ndi a Benfica kuyambira nthawi ya Apwitikizi, ndipo nkhani yawo ndi imodzi, koma tsiku limeneli inagwa pamalo pake.

"Ana inu, kuba wosewera mwakuona liti? Eusébio ankasewera ku Sporting ya ku Lourenço Marques, Maputo wa leroyu. Timu imeneyo inali mwana wa Sporting ya ku Lisboa, ndiye a Sporting ankati mnyamatayo ngwawo kale, adzamutenga akafuna. A Benfica sanataye nthawi ndi akuluakulu a timu. Anapita ku Mafalala kwa amayi ake, Dona Elisa, n'kukambirana nawo, amayiwo n'kusaina. Mu Disembala 1960 mwana wakwera ndege ali ndi zaka 18. Potumizirana mauthenga sankatchula dzina lake, ankati Ruth Malosso, dzina la mkazi, kuti a Sporting asanunkhize. Atafika anakamubisa ku Lagos, kumwera kwa Portugal, kugombe la nyanja. Mlandu unatenga miyezi, mwana osasewera, mpaka Meyi 1961. Chaka chotsatira wawamwetsa a Real Madrid zigoli ziwiri mu fainolo ya chikho cha Ulaya, 5 kwa 3."

"Mwamva amalume?" anatero mayi wa zitumbuwa. "Anasaina ndi amayi ake."

"Kumeneko ndi kwa Aronga. Kuno mwini mbumba ndine."

Mnyamata wotchaja mafoni, amene amavala jezi yobiriwira ya Sporting mpaka kutchalitchi, sakanalola agogo apite nazo. Anati ngongole ya Eusébio inabwezedwa mu Epulo 2024, pamene Geny Catamo anawabaya a Benfica kawiri, chachiwiricho nthawi itatha kale. Catamo anachokera ku Black Bulls ya ku Maputo, kudzera ku Amora, katimu kakang'ono ka ku Portugal, ndiye n'kufika ku Sporting. Nthawi imene ankagoletsayo nyuzi za ku Portugal zinkalemba kuti pa mtengo wake Sporting ili ndi 25 peresenti yokha, zotsalazo n'za Amora ndi Black Bulls. Munthu mmodzi, eni atatu. Ine sindikondwa nako kumva mwana wa munthu akugawidwa m'maperesenti, koma pali chimene a Black Bulls anachita chimene akochi athu sangathe: analemba gawo lawo pa pepala, n'kumusiya mnyamata apite azikasewera.

Ngakhale ku Ulayako ufulu umenewu ndi wa dzana. Mpaka 1995 timu inkatha kumugwira wosewera amene kontrakiti yake yatha. Jean-Marc Bosman, wa ku Belgium, anakanizidwa ndi RFC Liège kupita ku Dunkerque mu 1990, anapita kukhoti, n'kupambana pa 15 Disembala 1995. Pofika tsikulo zaka zake zabwino zinali zitathera m'makhonde a khoti. Mu Okutobala 2024 khoti lomwelo linagamulanso pa mlandu wa Lassana Diarra kuti ena mwa malamulo a FIFA okhudza kusamuka amapondereza osewera. Amene amathyola chingwe nthawi zambiri sadya nawo.

Panali mtsikana wina amene anakhala chete nthawi yonseyi pamphepete pa benchi langa. Amaphunzira ku Tete, anabwera kudzaona makolo, ndipo kutalika kwake kumanena kokha kuti amasewera basketball. Anayankhula mwaulemu, maso ali pansi.

"Pepani akuluakulu. Mwatchula mapaundi, madola, mbuzi. Sukulu sindinamve."

Kunali zii. Aphunzitsi anayang'ana kamtengo kawo.

Mtsikanayo anati ku Amerika osewera achinyamata sakulira m'matimu ngati kuno, amakulira m'makoleji, ndipo mlongo wathu Clarisse Machanguana anadutsa njira imeneyo: anasewera ku Old Dominion University, anafika mu fainolo ya makoleji mu 1997, kenaka n'kulowa WNBA. Malipiro a osewera oterewa kwa zaka zambiri anali maphunziro aulere basi, pamene makoleji ndi makochi ankakolola mamiliyoni a pa wailesi yakanema. Wophunzira akafuna kusamukira ku koleji ina ankayamba wapempha chilolezo, ndipo kochi ankatha kulemba mayina a makoleji amene mwanayo saloledwa kupitako. Akasamuka, m'masewero akuluakulu ngati basketball ankakhala chaka chathunthu osasewera. Kochi yemweyo akapeza malipiro abwino kwina ankanyamuka usiku umodzi, mawa ali pa benchi lina.

"Khadi m'thumba, ngati kunotu," anatero wokonza njinga.

Zinasintha pang'onopang'ono, zambiri chifukwa cha makhoti. Mu Okutobala 2018 bungwe la masewero a m'makoleji la NCAA linatsegula kaundula wa pa intaneti momwe wophunzira amangolembetsa kuti ndikufuna kuchoka, osapempha munthu. Mu 2021 analola kusamuka kamodzi osakhala chaka pa benchi, ndipo chaka chomwecho osewera analoledwa kupanga ndalama ndi dzina ndi nkhope zawo. Mu 2024 malire a kamodzi aja anachotsedwa. Mu Juni 2025 woweruza anavomereza kuti osewera akale alipidwe madola pafupifupi 2.8 biliyoni, ndipo koleji iliyonse inaloledwa kugawira osewera ake ndalama zofika madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba.

"Ndiye kumeneko zinatheka," anatero amalume, akuyang'ana akochi mopambana.

"Zinatheka theka, amalume," anayankha mtsikanayo. Anati wolowa m'kaundula muja akhoza kutaya maphunziro ake aulere kumene akuchokako, ndipo si onse amene amapeza kowalandira. Ena amatsala pakati, uku atatsanzika, uko osaitanidwa. Ena posamukasamuka maphunziro amene anachita kale sawerengedwa onse, zaka zosewera zimatha digiri isanathe. Chitseko kutseguka sindiye kuti kutsogolo kuli nyumba. "Ine ku Tete ndimawaona anyamata amene anatengedwa m'maboma ngati muno. Ena amagona anayi m'chipinda chimodzi, timu ikasiya kupereka chakudya amanyamula katundu pamsika wa Kwachena, kumudzi akuopa kubwerera chifukwa anatsanzika ndi ng'oma."

Aphunzitsi anayesa kubwezeretsa ulemu wawo. Anati malamulo amateteza: wosakwana zaka 18 sasaina kontrakiti yopitirira zaka zitatu, ndipo timu ikapanda kulipira miyezi iwiri wosewera amailembera kalata ya masiku 15, ikalephera amachoka mwaufulu. Mtsikanayo anangofunsa kuti kontrakiti yake ili kuti. Bambo wa ku Tete uja anasiya nambala ya foni yokha.

Ndi nthawi imeneyo pamene amayi a mnyamatayo anatulukira kuchokera kuchigayo, beseni la ufa lili pamutu. Nkhani inali itawapeza kale, pa Nsadzo mawu sadikira chapa. Anatula beseni, anapereka moni kwa agogo atagwada, kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achimwene, nambala ija muli nayo? Muimbireni pompano, tonse timve."

Foni ya amalume inalibe kirediti. Ya akochi akuti inatsala kugolosale. Mnyamata wotchaja uja anabwereketsa yake, n'kuikweza mawu. Bambo wa ku Tete anayankha mwansangala, Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anati mwanayo abwere sabata yomweyo kalembera asanatsekedwe, ndalama yokwerera adzipezere yekha, adzabwezeredwa.

"Sukulu akalowa iti, bambo?" anafunsa amayi aja. "Mayeso ali pafupi. Kalata yosamukira sukulu mutenga ndinu kapena ife?"

Anati zimenezo zidzaoneka akafika.

"Akagona kwa yani? Dzina la mwini nyumba ndani?"

Anati kuli anzake ambiri, asade nkhawa.

Akochi anasendera pafupi ndi foni, anakonza kukhosi, n'kunena kuti iwo ndi mwini timu ndipo khadi la mwanayo lili ndi iwo, tsono pali zofunika kukambirana.

"Khadi lanji?" anafunsa bamboyo. "Ife tikufuna cédula yake, chikalata cha kubadwa chija, ndi zithunzi ziwiri basi. Ndipo pa zaka pamenepo tidzaona, 17 yachuluka pang'ono, tikhoza kukonza ikhale 15."

Wokonza njinga anabisa nkhope m'tayala. Akochi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkayembekezera: zaka 6, nsapato, mafuta a njinga yamoto, ndipo chimene ankachiyesa chingwe sichinamange kanthu. Koma amayi aja nkhope inali itasintha.

"Mwana wanga ndinamubereka chaka chimene ndikuchidziwa ine. Cédula ili m'sutikesi mwanga ndipo kiyi ali m'chiuno muno. Mukamufuna bwerani nokha, mubwere ndi kalata ya timu yodinda, mukhale pamphasa ndi amalume ake ndi aphunzitsi ake. Akochi awa adzakhaleponso, anamugulira nsapato ife tilibe. Akamaliza mayeso ndiye tidzakambe."

Bamboyo anati aimbanso, foni n'kuduka.

Mnyamata mwiniwakeyo anafika pamenepo akuweruka, makope atawamanga ndi mphira, n'kupeza anthu oposa khumi akumuyang'ana. Mtsikana wa ku Tete uja ndi amene anamufunsa, woyamba m'mawa wonsewo, kuti iye akufuna chiyani. Anakanda pansi ndi chala cha kuphazi. Anati ku Tete akufuna, koma osati ndi zaka za wina, chifukwa satifiketi yake ya sukulu idzakhala ya munthu wa zaka zina ndipo mpira ukadzatha adzasowa kuti iye ndi uti. Kenaka anayang'ana akochi.

"Lamulungu ndisewera, akochi? Ndi semifainolo."

Akochi anati aona. Tonse tinadziwa kuti asewera, poti timu imene akukumana nayo ili ndi otchinga kumbuyo aatali ngati milongoti ndipo palibenso wina wowadutsa. Aphunzitsi anauza akochi kuti akadzapita ku Tete kukalandira malipiro apite limodzi, akafunse za kulembetsa timu, ndipo abwere ndi kope la pansi pa matilesi lija.

Anthu anayamba kubalalika. Mnyamata wotchaja mafoni anaimirira ndi foni yake m'manja.

"Pepani akuluakulu, kirediti yanga yatha yonse. Alipira ndani?"

Amalume anakumbukira kuti chubu chawo sichinapopedwe. Akochi anaona kasitomala pagolosale, ngakhale ife sitinamuone. Aphunzitsi anamva belu. Amayi aja anayamba kumasula mfundo ya chitenje, koma mwana wawo anawagwira dzanja, anawerama, n'kutulutsa m'sokosi makwacha a ku Zambia opindapinda.

"Mumalandira awa, achimwene?"

"Ndimalandira. Koma mtengo wake ndi wa lero, osati wa Lamulungu lija unapita kumaliro."